Kulowetsa Mpira wa Gofu m'Dzenje

Mau a Mlangizi wa Zaulimi wa ku Kande, m'boma la Nkhata Bay, monga anaulutsidwa pa wailesi.

 Lero sindinena za chinangwa, kapena za mpunga, kapena za matenda a nthochi. Ndinena za masewera a gofu, makamaka za mbali yake yotsiriza, pamene mpira wafika pafupi ndi dzenje ndipo wosewera afuna kuulowetsa. Ndidziwa kuti ena mwayamba kale kuseka ndi kufunsana kuti, "Kodi alangizi asowa chonena?" Tadekhani pang'ono, mumve kaye.

Bwalo lalikulu la gofu siliri m'midzi mwathu muno mwa a Fukamapiri. Koma mukatsata mseu wa M5 kulowera kumwera mudzapeza bwalo la Kasasa ku Dwangwa, pakati pa minda ya nzimbe, ndipo mukakwera mapiri kupita ku Mzuzu mudzapeza lina. Alipo enanso ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Limbe, ku Thyolo, ku Mulanje, ku Nchalo, ndi ku Mangochi m'mbali mwa nyanja yathu yomweyi. Pa mabwalo otere pamakhala achinyamata amene nchito yao ndi kunyamula thumba la ndodo za wosewera. Pa Chingerezi amati caddie. Ife a Nkhata Bay chiyambire kale sitiopa ulendo. Makolo athu anafika ku Harare ndi ku Johannesburg kukafuna nchito, ndipo ana athu akupitabe. Tsono wonyamula thumba amene adziwa kunyamula kokha ali ngati mtenga-tenga, ndipo tsiku limene anzake achuluka amabwerera chimanjamanja. Koma amene atha kuyang'ana pansi nanena kuti, "Bwana, lozani cha kumanja kwa dzenje, mpata wa chikhato chimodzi," mpira nulowadi, ameneyo amamuitana ndi dzina lake.

Chimene chandichititsa kunena nkhaniyi pa nthawi ya alimi ndi ichi: nzeru yodziwa kumene mpira udzakhotera ndiyo nzeru yomwe ija timagwiritsa nchito pozika akalozera m'munda wotsetsereka. Mwana wa mlimi ali nayo kale m'maso ndi m'mapazi mwake, koma sadziwa kuti kwina amaigula ndi ndalama. Ndiponso mbali imeneyi ya gofu siifuna dambo lalikulu kapena mphamvu za mnyamata. Gogo angathe kupambana mdzukulu wake, mai angathe kupambana bambo, ndipo malo ake ndi aang'ono ngati pakhonde ndi pabwalo pa nyumba imodzi.

Kwa amene simunaonepo masewerawa ndinene mwachidule. Anakulira ku Scotland, ndipo malamulo ake asungidwa ndi bungwe la R&A la ku St Andrews pamodzi ndi la USGA la ku America. Bwalo lathunthu liri ndi maenje 18. Ambiri a kwathu kuno ali ndi 9, kotero munthu amazungulira kawiri. Wopambana ndiye amene wamenya mpira kochepa koposa onse. Pozungulira dzenje liri lonse pali malo osalala a udzu wometedwa kwambiri, otchedwa girini. Mpira ukafika pamenepo suulutsidwanso m'mwamba iai, koma ugubuduzidwa pansi ndi ndodo ya mutu wophwaphwatika yotchedwa putter. Kukamwa kwa dzenje ndi mamilimita 108, ndiwo mainchi 4 ndi kota, ndipo mpira sungachepere mamilimita 42.67. Ndiye kuti m'kamwa mwa dzenje mungafoletse mipira iwiri ndi theka. Likuoneka lalikulu mukaliyang'ana muli chilili, koma limachepa msanga mukagwira ndodo.

Pa bwalo limene katswiri ayenera kutsiriza ndi kumenya 72, kumenya 36 kumawerengedwa kuti ndi kwa pa girini, kawiri pa dzenje liri lonse. Wongoyamba amagogoda katatu, kanai. Kumenya kwamphamvu kotumiza mpira mayadi 250 ndi kakugogoda kakang'ono ka chala chimodzi ziwerengedwa chimodzimodzi m'buku. Asodzi mudziwa kuwawa kwake kwa kukoka khoka m'mawa onse, nsomba nizithawa mutafika nalo pa gombe.

Ndisanamize munthu. Mphunzitsi wina wa ku Columbia University, Mark Broadie, anawerenga kumenya kochuluka kwa akatswiri ndi kwa anthu wamba, natulutsa buku mu 2014. Iye anapeza kuti chimene chisiyanitsa kwambiri katswiri ndi wosewera wamba ndi kumenya kwa kutali, osati kwa pa girini. Koma kumenya kwa kutali kufuna malo, ndodo zodula, ndi zaka. Kwa pa girini ndiko munthu wa kumudzi angathe kukonza m'miyezi yowerengeka, osaononga kanthu. Mawerengero ake omwewo atithandizanso kuti tisadzizunze. Akatswiri a ku America, mpira ukakhala mapazi 3 kuchokera pa dzenje, amalowetsa pafupi-fupi nthawi zonse. Pa mapazi 8, ndiwo mamita awiri ndi theka kuchepako pang'ono, amalowetsa theka lokha. Pa mapazi 20 amalowetsa ngati 15 pa 100. Tsono ngati iwo amene adya za gofu aphonya chotere, inu mukaphonya pa mapazi 20 musataye ndodo m'thengo. Nchito yanu pa mpira wakutali ndi kuusendeza pafupi, kuti wachiwiri ukhale wosabvuta.

KUWERENGA MTSETSE

Kumbukirani mmene timachitira pofuna kuteteza nthaka. Timamanga mitengo itatu ngati chilembo cha A, nitipachika mwala pa chingwe, ndipo mwalawo utiuza mwendo umene uli kumtunda ndi umene uli kunsi. Koma mlimi amene wazika akalozera zaka zingapo sadikiranso mwala. Amaima kumapeto kwa munda, nayang'ana, nati, "Madzi adzatulukira apo." Funso la pa girini ndi lomwelo: mvula itagwa pano, madzi angathamangire kuti? Kumene madzi apita, mpira upitanso komweko.

Yambani kufunsa funso limeneli musanaponde pa girini, mukali mapazi ambiri kutali, pakuti mtsetse waukulu uoneka bwino kutali kusiyana ndi pafupi. Mukafika, khalani chonjuta kumbuyo kwa mpira, maso anu atsike pafupi ndi nthaka. Kenaka pitani cha pakati pa mpira ndi dzenje, muime ku mbali ya kunsi, monga muima kunsi kwa munda pofuna kuona ngati mizere yakhota. Kuchokera kunsi mtsetse suthawa diso. Mverani mapazi anunso. Phazi limene lalemedwa ndi thupi ndilo liri kunsi. Ife amene tinakulira kuyenda pansi popanda nsapato tiri ndi mwai pamenepa.

Tsono pali chinthu chimene madzi ndi mpira zifanana nacho. Madzi othamanga amalumpha kamtsetse kakang'ono osakhota, koma madzi ofooka amatsata kakhwawa kali konse. Mpira nawo ukangochoka pa ndodo uli ndi liwiro, ndipo ukhota pang'ono pokha. Ukayandikira dzenje watopa, ndipo pamenepo mtsetse uugwira. Chifukwa chake phazi lotsiriza la ulendo wake ndilo muyenera kuliyang'anitsitsa koposa onse. Chifukwa chomwechonso mpira wotsika phiri, umene mumaugogoda pang'ono-pang'ono, ukhota kwambiri, ndipo wokwera phiri, umene mumaumenya ndi mphamvu, ukhota pang'ono.

Kulakwa kwa pafupi-fupi onse ongoyamba ndi kumodzi: amaloza kunsi. Amaona kuti mpira udzakhota, koma amaupatsa theka lokha la mpata umene ufunika, mpira nudutsa kunsi kwa dzenje. Talingalirani. Mpira umene uli kumtunda kwa dzenje ukali ndi mwai, pakuti mtsetse uli kuukankhira komwe mufuna. Umene watsikira kunsi sudzakweranso, ndipo uli kuthawa. Tsono mukayesa kuti mpata ndi chikhato chimodzi, onjezani zala ziwiri kapena zitatu. Mukasankha njira yanu, pezani kachizindikiro pa njirayo, kaudzu kofiira kapena kabanga, phazi limodzi patsogolo pa mpira, ndipo lozani ndodo pa iko. Nkwapafupi kuloza chinthu chimene chiri pa mphuno panu kusiyana ndi chimene chiri mapazi 20.

Mudzamva ena akunena kuti pa mabwalo a m'mbali mwa nyanja mpira uli wonse umakhotera ku nyanja. Musakhulupirire msanga. Dziko lonse lingatsetsereke kulowera ku nyanja, koma girini inaumbidwa ndi anthu, ndipo woumbayo angathe kuipendeketsa kulowera ku phiri, monga mlimi apatutsa madzi ndi mgula. Khulupirirani zimene mapazi anu akuuzani pamalo pomwepo. Ngakhale ziri tero, gombe lathu ndi sukulu yabwino. M'mawa nyanja itagona, mchenga wonyowa wa m'mphepete mwa madzi uli wolimba ndi wopendekera mbali imodzi. Gubuduzani mpira motsata gombe, muone mmene uyendera molunjika poyamba ndi kukhotera ku madzi pamene watopa. Bwerezani ndi mphamvu zosiyana, ndipo mudzaona ndi maso kuti njira ndi mphamvu sizisiyana.

Pa girini ya udzu palinso china. M'maiko otentha ngati lathu lino magirini ambiri ndi a mtundu wa kapinga, udzu womwe uja utisautsa m'munda. Kapinga sakula choimirira, amagona kulowera mbali imodzi. Mukayang'ana ku dzenje, udzu nuoneka wowala ndi wotuwa, ndiye kuti wagona kuloza komwe mupita, ndipo mpira udzathamanga. Ukaoneka wakuda wobiriwira, wagona kuloza kwa inu, ndipo mpira udzalemera. Ukagona chopingasa, udzakankha mpira cha m'mbali ngakhale pamalo pooneka pothyathyathya. Yang'ananinso milomo ya dzenje: mbali imene yanyotsoka ndi kufiira ndiyo mbali imene udzu ulowera. Mame a m'mawa achedwetsa mpira. Dzuwa la October ndi mphepo ya mwera ziumitsa nthaka, mpira nuthamanga, ndipo mwera ukakula ungathe kuukankha pang'ono pamene watopa.

MPHAMVU YA KUMENYA

Munthu amene agogoda katatu pa dzenje limodzi kawiri-kawiri sanasokere njira. Wasiya mpira mapazi 6 usanafike, kapena waupitiriza mapazi 6. Tsono ngati muli ndi ola limodzi lophunzira, theka lake liperekeni ku mphamvu.

Mphamvu siichokera m'kukankha kwa dzanja. Yang'anani mwala uja wa pa chingwe: mukaukoka pang'ono ubwerera pang'ono, mukaukoka kwambiri ubwerera kwambiri, koma suthamangira kapena kudodoma pakati. Ndodo yanu iyende chotero. Mpira wa pafupi, bwezani ndodo m'mbuyo pang'ono. Wa kutali, ibwezeni kwambiri. Koma kayendedwe kakhale kamodzi, ngati mukuwerenga "modzi, wiri" mumtima. Musanamenye, yesani kawiri pambali pa mpira maso ali ku dzenje. Mukaponyera mnzanu chinangwa kutsidya kwa moto simuyang'ana dzanja lanu, muyang'ana iye, ndipo diso liuza mkono mphamvu yake.

Kodi mpira ufike pa dzenje ndi liwiro lotani? Pano akatswiri asiyana. Bobby Locke wa ku South Africa, amene anapambana mpikisano waukulu wa Open mu 1949, 1950, 1952 ndi 1957, ndipo ambiri amati panalibe womposa pa girini, ankakonda kuti mpira ufike pa dzenje utatopa, ungogweramo. Mpira wotopa ulowa ngakhale wakhudza mlomo wa m'mbali. Mphunzitsi wina wa ku America, Dave Pelz, atayesa ndi makina, anati mpira umenyedwe kotero kuti ukaphonya upitirire mainchi 17, ndiwo masentimita 43, chifukwa pafupi ndi dzenje pamapondedwa kwambiri, ndipo mpira wofooka upatutsidwa ndi mapondedwe a anthu. Ine maganizo anga ndi awa: pa malo athu okakala, ndiponso pokwera phiri, tsatani Pelz; potsika phiri pa girini yothamanga tsatani Locke, chifukwa mpira wopitirira potsika sudziwa poima.

Chida chophunzirira mphamvu muli nacho kale m'nyumba. Tengani chingwe chobzalira chimanga, chija munamangapo zitsekero za mabotolo pa masentimita 25 ali onse. Chitambasuleni pansi. Gubuduzani mpira woyamba uime pa chizindikiro cha 8, wachiwiri pa cha 12, wachitatu pa cha 16, chomwecho mpaka chingwe chithe, kenaka mubwerere chotsika. Palibe dzenje pa masewera amenewa, ndipo ndi dala, kuti mtima usakhale pa kulowetsa. Pambuyo pake lembani bwalo lozungulira dzenje, kutalika kwake kuchokera pa dzenje masentimita 75, mpata womwe uja wa pakati pa mizere ya chimanga. Imani mapazi 30, ndipo mpira uli wonse woima m'kati mwa bwalolo muuwerenge kuti mwapata.

KAIMIDWE NDI KAGWIRIDWE

Pano ndifulumira, pakuti zambiri mudzaziona mukagwira ndodo. Imani mapazi atatalikirana ngati mapewa anu. Weramani kuchokera m'chuuno, mikono ilendewere yokha. Maso akhale pamwamba peni-peni pa mpira kapena m'kati mwake pang'ono. Kuti mudziwe, gwirani mpira wina pakati pa maso anu, muutaye, muone pamene ugwera. Mpira ukhale patsogolo pang'ono pa pakati pa mapazi, cha ku mbali ya dzenje. Mapewa ndiwo ayendetsa ndodo. Mfundo za manja zisapindike, miyendo isagwedezeke.

Bvuto lathu alimi ndi asodzi ndi manja. Tinazolowera kufinya mpini wa khasu ndi nkhafi, ndipo dzanja lofinya silimva kulemera kwa mutu wa ndodo. Gwirani monga mugwira mbande ya phwetekere poiokera, kuti isagwe koma isaphwanyike. Za dzanja liti likhale pamwamba musakangane. Ambiri amaika lamanzere pamwamba, lamanja pansi. Koma Papwa Sewgolum wa ku Durban, mwana wa anthu osauka amene anayamba ndi kunyamula matumba a ena, ankagwira motembenuza, lamanzere pansi, pa ndodo zake zonse. Anthu anamseka, koma anapambana Dutch Open mu 1959, 1960 ndi 1964, ndiponso Natal Open mu 1963 ndi 1965, pa masiku amene malamulo a tsankho sanali kumlola kulowa m'nyumba ya kalabu pamodzi ndi Azungu amene anawagonjetsa. Lero akatswiri ambiri amagwira putter motembenuza chomwecho, chifukwa kumaletsa dzanja lamanja kukankha.

Pa mpira wa pafupi chofunika koposa ndi nkhope ya ndodo. Oyesa ndi makina anapeza kuti mpira umayamba kupita kumene nkhopeyo yapenya pa nthawi imene ikhudza mpira, koposa kumene mkono unalowera. Zikani zikhomo ziwiri, mpata wao wongokwanira mutu wa ndodo, ndipo mumenye pakati pao osakhudza. Zikani zina ziwiri phazi limodzi patsogolo, mpata wao woposa mpira pang'ono, ndipo mpira udutse pakati. Kenaka ikani mipira kapena zizindikiro zinai mozungulira dzenje pa masentimita 75, mulowetse zonse motsatana. Mukaphonya umodzi yambaninso. Mudzaona kuti pofika pa wachinai mtima uyamba kugunda, ndipo kugunda kumeneko ndiko mufuna kuzolowera. Mukamenya musadzutse mutu kuti muone. Yang'ananibe pamene panali mpira, ndipo khutu likuuzeni ngati wagwa.

Kuti mudziwe kuti mpira wa pafupi suchitira ulemu munthu, imvani za Doug Sanders wa ku America. Mu 1970, pa Open ya ku St Andrews, anafika pa dzenje lotsiriza atatsala ndi mpira wa mapazi ngati 3 kuti atenge chikho. Ataima kale, anaona kanthu pa njira, nawerama kukachotsa, koma sanachoke kuti ayambenso kaimidwe kake. Anamenya chomwecho, mpira nudutsa cha kumanja. M'mawa mwake anabwereza masewera ndi Jack Nicklaus, nagonja ndi kumenya kumodzi. Chikakusokonezani chinthu, ntchentche kapena mau a munthu, chokani pa mpira, mupume, muyambenso. Ndipo mukhale ndi mwambo umodzi wosasintha: kuwerenga, kuyesa kawiri, kuloza, kuyang'ana ku dzenje kamodzi, kumenya. Woima nthawi yaitali pamwamba pa mpira amangoitana mantha.

Mnyamata wofuna nchito ya thumba adziwenso malamulo a pa girini, chifukwa kulakwa kwake kulipitsa bwana wake. Mpira ungathe kunyamulidwa ndi kupukutidwa, koma poyamba muike chizindikiro, monga kandalama, kumbuyo kwake. Chiyambire 2019 nkololedwa kumenya mbendera iri m'dzenje, ndiponso kukonza pamene nsapato zaononga. Chiyambire chaka chomwecho wonyamula thumba saloledwa kuima kumbuyo kwa wosewera, pa mzere wa mpira, pamene wosewerayo ayamba kuima kuti amenye. Angathe kuloza njira asanamenye, koma asaike kanthu pansi kosonyeza njirayo. Chiyambire 2016 nkoletsedwa kutsamiritsa ndodo pa mimba kapena pa chifuwa. Pakati pa kusewera dzenje musagubuduze mpira wina kapena kukhula udzu kuti muyese liwiro. Pa masewera owerenga kumenya konse, mpira wanu womenyedwa pa girini ukagunda wa mnzanu uli chiimire pa girini pomwepo, muonjezeredwa kumenya 2. Mpira ukaima pa mlomo wa dzenje muli ndi masekondi 10 odikira mutafikapo. Ndipo mwa ulemu, musaponde njira ya mnzanu, chithunzithunzi chanu chisagwere pa njirayo, pakamwa patsekedwe.

MALO A M'MUDZI

Tsopano ndinena ndi inu mafumu, pakuti malo ali m'manja mwanu. Ofunika ndi mapazi a munthu woyenda 12 m'litali ndi 6 m'lifupi, pansi pa mtengo wa mango kapena pambali pa bwalo la mpira la sukulu. Musapereke munda wolima kapena dimba. Ndipo musabvutike ndi udzu. Girini yeni-yeni imametedwa ndi makina kufikira mamilimita 4 kapena 5, chimene chikwakwa sichingathe, ndipo kapinga mukamdzala pafupi ndi munda mudzalimbana naye zaka zambiri. Malo a dothi aposa. Lambulani, chotsani mizu ndi miyala, thirani dothi la pa chulu losakaniza ndi mchenga, nyowetsani ndi kutsendera monga achitira amai pokonza pansi pa nyumba. Likauma, wazani mchenga wosefa wochepa kwambiri, wongophimba dothi, ndi kuusalaza pokoka thumba lachabe. Theka la malowo likhale lothyathyathya, ndipo yesani ndi mitengo ija ya A. Theka lina lipendekeke sentimita imodzi kapena awiri pa mita iri yonse. Mukapitirira pamenepo mpira sudzaima pa dothi lolimba.

M'maiko ouma kumene udzu ubvuta anthu akhala akusewera pa mchenga wosakaniza ndi oilo wakutha wa galimoto. Kuno musayese. Mvula ya Nkhata Bay ndi yambiri, ndipo oiloyo adzatsikira m'zitsime ndi m'nyanja momwe tiphamo usipa. Mchenga ukauluka, wazani madzi ndi chitini chothirira mbeu.

Dzenje likumbidwe lakuya masentimita 10 kapena kuposa. Chidutswa cha paipi ya pulasitiki ya mamilimita 110, ija ya madzi oipa, chikwana bwino. M'kati mwake ndi mochepa pang'ono kusiyana ndi dzenje la lamulo, ndipo wophunzira pa dzenje lochepa sabvutika pa lalikulu. Mlomo wake ukhale pansi pa nthaka masentimita awiri ndi theka, kuti mpira usagunde paipi. Pansi pake thirani timiyala kuti madzi alowe, ndipo usiku bvundikirani ndi mwala, mungaweteremo udzudzu. Ndodo yophunzirira mmisiri wa matabwa angathe kuipanga ndi chidutswa chotsala cha mtengo wolemera, mutu wautali ngati chikhato, nkhope yake yopalidwa bwino, ndi mpini wa nsungwi wa masentimita 85 kapena 90, wopendekera pang'ono kwa womenya. Musadule mbawa kapena mlombwa chifukwa cha ichi. Mpira wokha ndiwo ufunika weni-weni, ndipo umodzi wakale ukwanira mudzi wonse. Mipira ija ya mphira imene ana amagulitsa pa mseu wa ku Vizara njabwino pa masewera ena, koma pano imadumpha ngati chule. Amene ali ndi abale ku Dwangwa kapena ku Mzuzu apemphe mipira yakutha. Apemphe, osati kutola m'bwalo la eni.

Pofuna kudziwa ngati malo anu asintha liwiro, chitani monga anachitira Edward Stimpson wa ku America mu 1935, amene anapanga kamtengo ka ngalande kogubuduzira mpira ndi liwiro lofanana nthawi zonse, ndipo kamatchedwa ndi dzina lake mpaka lero. Inu ng'ambani nsungwi, chotsani mfundo zake, itsamiritseni pa njerwa imodzi yomweyo, mutaye mpira kuchokera pa chizindikiro chimodzi, ndi kuwerenga mapazi amene wayenda. Ukathamanga koposa dzulo, onjezani mchenga pang'ono.

Zinthu ziwiri mafumu muziletse kuyambira tsiku loyamba. China ndi kubetcha. Masewera awa ndi okoma kubetcherana, ndipo ndalama ya usipa ingathe kutha pa dzenje limodzi monga ithera pa njuga. China ndi kusewera pa nthawi ya nchito. Malo atsegulidwe dzuwa litapendeka, ndipo mwana wa sukulu asaoneke pamenepo belu lisanalire. Nchito ya thumba njoyenera amene akula, kapena masiku opuma. Atsikana alowe nao. Achinyamata akafunsa ngati munthu wa kuno angafike patali, auzeni kuti m'dziko muno muli akatswiri osewerera mphotho, monga a Paul Chidale ndi a Adam Sailesi, ndi kuti Madalitso Muthiya wa ku Zambia, dzina lake lomveka ngati la kwathu, anasewera mu US Open mu 2006.

Nthawi yabwino yokonza malowa ndi May kapena June, mvula itatha koma dothi likali ndi chinyezi chotsenderera. Mukadikira mpaka September mudzatunga madzi ambiri. Mvula ikayamba, zulani paipi, fotserani dzenje, ndipo kumbani kangalande kumtunda kwa malowo kuti madzi asawang'ambe. Sabata la mawa tidzabwerera ku nkhani ya kusankha mbeu ya chinangwa yopanda matenda. Tsalani bwino.